Sikipa ya mayina anayi ndi diresi lopserera kumbuyo

Loweruka lapitali ndinali pa kaunjika, mawondo pansi ngati wa mapemphero a usiku, ndikufukula mulu wa masikipa omwe mnyamata wake anali atangotsegula belo. Ndimafuna yogona nayo basi, yaikulu yofewa, zosankha mtundu panalibe. Ndiye dzanja langa linatulutsa ina yotuwa, khosi lake litatamuka kale, pachifuwa atalemba mayina anayi motsetsereka: Meg & Jo & Beth & Amy. Mnyamata uja ataona kuti ndaigwira nthawi yaitali anati, "Asisi imeneyo ndi ya oimba a ku America, gulu lalikulu kwambiri, tengani musachedwe." Ndinaseka mpaka misozi, ndikumuuza kuti achimwene awa si oimba ayi, ndi atsikana anayi a bere limodzi a m'buku lomwe linatuluka mu 1868. Iye anangoti kaya ndi oimba kaya ndi a m'buku mtengo wake ndi womwewo. Ndinagula.

Komatu mnyamatayo sanaphonye kwambiri. Kalembedwe kondandalika mayina anayi chotsetsereka, ndi kachizindikiro ka & kumapeto kwa mzere, kanayambadi ndi oimba. Mu 2001 kagulu ka ojambula ka ku Amsterdam kotchedwa Experimental Jetset kanapanga sikipa ya mayina a anyamata anayi a The Beatles, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wakhala akukopera, a mpira, a mafilimu, a ndale, mpaka zinafika kwa ana a banja la a March a m'buku la Little Women lomwe analemba Louisa May Alcott. Lero ukalowa pa misika ya pa intaneti ngati Etsy kapena Redbubble ukapeza bukuli lili pa masikipa, majuzi, sokosi, masikafu, zikwama za nsalu, chilichonse chomwe inki ingagwirepo. Kampani ina ya ku New York, Out of Print, inayamba mu 2010 kusindikiza zikuto za mabuku akale pa masikipa ndipo geni inayenda mpaka kampani yaikulu yosindikiza mabuku ya Penguin Random House inaigula mu 2017. Ina yotchedwa Litographs imasindikiza mawu enieni a m'buku, timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere, sikipa yonse kutsogolo ndi kumbuyo. Ndiye poti Little Women ndi lakale kwambiri, palibenso mwini woti akakulipiritse, aliyense wokhala ndi makina osindikizira atha kudyerapo.

Ine sindikudana nazo zimenezi, ndinene msanga anthu asanandilume. Sikipayo ndinagula ndi ndalama yanga ndipo ndinaivala. Chomwe chikundivuta n'chakuti pa mabuku onse a padziko pano, ili ndi lomwe limakamba za zovala kwambiri, mtengo wake, amene wasoka, amene wabwereka, amene wang'amba, ndiye masikipa ake amatenga mayina ndi timawu totsekemera n'kusiya zonsezo pansi. Akugulitsa chibale cha atsikana anayi chosita bwinobwino, chopanda chigamba, pomwe chibale cha m'bukumo chili pa zigamba zomwezo.

Kwa amene simunawerenge, nkhani yake ndi yosavuta. Ndi nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865 ija. Bambo a m'nyumbamo apita ku nkhondo ngati m'busa wa asilikali, chuma chawo chinatha kale, kunyumba kwatsala mayi, omwe ana amawatchula Marmee, wantchito wawo Hannah, ndi atsikana anayi: Meg wa zaka 16, Jo wa 15, Beth wa 13 ndi Amy wa 12. Meg amalera ndi kuphunzitsa ana a banja lolemera, Jo amakawerengera mabuku gogo wovuta wa pachibale, Aunt March, Beth amakhala pakhomo ndi piyano yake yakutha, Amy ali pasukulu ndipo amalota zojambula ndi mphuno yosongoka. Timawaona akukula, kukangana, kudwala, kukwatiwa, wina kumwalira. Basi.

Tsopano taonani zomwe manja awo akuchita. M'chaputala choyamba momwe, akudandaula kuti Khirisimasi ilibe mphatso, Jo ali ndi sokosi ya buluu ya asilikali m'manja akuluka. Madzulo omwewo onse anayi akusoka mashiti a pabedi a Aunt March, ntchito yotopetsa, ndiye kuti isawatopetse agawa msoko wautaliwo panayi n'kutcha zigawozo Europe, Asia, Africa ndi America, akusoka uku akucheza za mayiko omwe singano ikudutsamo. Kandalama komwe aliyense anali nako, dola imodzi, komwe amafuna kudzigulira buku kapena mapensulo, akutha kugulira mayi awo mphatso, Jo n'kusankha masilipasi chifukwa akale aja anali atatheratu. Buku langoyamba kumene koma tawerenga kale sokosi, mashiti, masilipasi.

Chaputala chachitatu ndiye chomwe ine ndimachikonda kuposa zonse. Meg ndi Jo aitanidwa ku phwando la kutha kwa chaka kwa a Gardiner, anthu a ndalama. Aliyense ali ndi diresi limodzi lopitira kokayenda, ndipo la Jo linapserera kumbuyo chifukwa ali ndi chizolowezi choima pafupi ndi moto. Meg akumulangiza kuti ukakhale pansi osayendayenda, msana ukautembenuzire kukhoma. Kenako nkhani ya magolovesi, poti masiku amenewo mtsikana waulemu sakanavina manja ali pamtunda. A Jo anathimbirira ndi chakumwa cha mandimu, ogula ena ndalama palibe. Ndiye Jo akubwera ndi nzeru: aliyense avale golovesi imodzi yabwino, yoipayo angoifumbata m'dzanja linalo. Meg akukana kaye, akuti manja ako ndi aakulu unditamulira golovesi yanga, koma pamapeto akulola. Asananyamuke Jo akupanga Meg tsitsi ndi chitsulo chamoto n'kuliwotcha, timapiringu tonse kugwera patebulo. Kuphwandoko Jo akukabisala kuseri kwa katani kuti diresi lisaoneke, ndipo kumeneko ndi komwe akukumana ndi Laurie, mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, amene nayenso anabisala. Akukavinira m'khonde la m'nyumba kopanda anthu. Meg akubinya mwendo chifukwa cha nsapato zazitali zothina, Jo pokamutengera khofi akudzithira pa diresi kutsogolo, n'kupukuta ndi chani? Ndi golovesi ya Meg ija.

Nthawi yoyamba kuwerenga pamenepa ndinaika buku pansi, chifukwa ndinaona kwathu. Ife tinabadwa atsikana atatu, ine wapakati, ndipo panali bulauzi imodzi yoyera ya achemwali anga aakulu yomwe inali ya kutchalitchi, ya ku ukwati, ya kojambulitsa, ya chilichonse chofuna ulemu. Tsiku lina ndinaibwereka, kapena ndinene kuti ndinaitenga eni ake ali kumadzi, ndikusita ndi ayironi ya makala ndipo kakhala kamoto kanagwera paphewa. Kabowo kake kanali ngati ka ndalama ya chitsulo. Ndinaivala choncho nditaponya chitenje paphewa ngati sitayilo, dzuwa likuswa mtengo, anthu akundifunsa ngati ndikumva malungo. Achemwali sanandiyankhule masiku anayi. Lachisanu lake ndinawapeza akusoka kaduwa pa bowo lija ndi ulusi wofiira, n'kundiponyera amvekere, "Ivale iweyo, waipatsa kale dzina lako." Mpaka lero sindikudziwa ngati kunali kukhululuka kapena kunditukwana. Ndikukhulupirira kuti zinali zonse ziwiri, ndipo chibale chomwe ndimachidziwa ine n'chimenecho, cha bowo ndi kaduwa, chomwenso Alcott analemba.

Ndipo sanalekere pa golovesi. Amy amavala zosiyidwa ndi msuweni wake Florence, zovala zabwinobwino koma zosankhidwa ndi mayi opanda diso, ndipo diresi lake la kusukulu la pepo la madontho achikasu limamuchititsa manyazi tsiku lililonse. Meg atapita kukacheza kwa a Moffat, atsikana akumeneko akumumvera chisoni ndi diresi lake lakale, akumuveka la silika la buluu lothina, ndolo, zopakapaka, aliyense akumuyamikira kupatula Laurie amene akumuuza maso ndi maso kuti sizinamusangalatse, ndipo Meg akubwerera kunyumba mutu ukuwawa ndi shampeni ndi manyazi. Atakwatiwa ndi John Brooke, munthu wa malipiro ochepa, akutengeka ndi mnzake Sallie n'kugula nsalu ya silika mayadi 25 pa madola 50, theka lake atatapa pa ndalama ya pakhomo. Pofotokozera mwamuna wake pakamwa pakumupulumuka, akuti watopa ndi umphawi. John sakukalipa, akungokaletsa chikhothi cha nyengo yozizira chomwe anaitanitsa, akuti sangakwanitse. Meg akulira, akukapempha Sallie kuti agule nsalu ija, n'kugulira John chikhothicho. Ndiuzeni banja lomwe silikuidziwa nkhani imeneyi, kaya ndi silika kaya ndi wigi ya pangongole.

Ngakhale kulemba kwa Jo kuli ndi yunifolomu yake, epuloni yakuda yaubweya yoti azipukutirapo cholembera, ndi kachipewa kakuda ka riboni yofiira, ndipo apabanja amayang'ana mmene kachipewako kakhalira kuti adziwe ngati angamuyankhule kapena ayi. Telegalamu itabwera kuti bambo adwalika ku Washington ndipo mayi akufunika ndalama ya ulendo, Jo akupita kwa ometa n'kugulitsa tsitsi lake lalitali madola 25, chinthu chimodzi chomwe anthu ankati n'chokongola pa iye. Akubwera akudzilimbitsa kuti limeranso, usiku Meg akumumva akulira, akuganiza kuti akulirira bambo, iye akuulula kuti akulirira tsitsi. Pamenepo mpamene ndimamukhulupirira mlembiyu, wina akanabisa misozi imeneyo kuti Jo aoneke mngelo.

Nanga Beth. Iye anatenga matenda a scarlet fever kwa khanda la banja losauka la a Hummel lomwe ankalisamalira, anachira koma thupi silinabwererenso. M'miyezi yake yomaliza ali chigonere amasokabe tinthu, timagolovesi taubweya, n'kumaponyera pawindo ana opita kusukulu. Alcott sanalembe mawu ambiri oti tidziwe kuti imfa yafika, anangoti tsiku lina Beth ananena kuti singano yalemera, n'kuiika pansi osaitolanso. Singano kulemera abale. Palibe sikipa yomwe ndaionapo italemba zimenezo, ndipo ndikumvetsa, ndani angagule.

Zonsezi sizinachokere m'mutu. Louisa May Alcott anabadwa mu 1832, wachiwiri mwa atsikana anayi: Anna, Louisa, Lizzie ndi May. Bambo awo, Bronson Alcott, anali mphunzitsi ndi munthu wa maganizo akuluakulu, mnzawo wa mlembi wotchuka Ralph Waldo Emerson, koma pankhani yobweretsa ndalama pakhomo anali zero. Banjalo linasamuka kambirimbiri, ngongole ili pambuyo. Umphawi wa a March ndi wa ulemu, ali ndi wantchito, ali ndi piyano, koma wa a Alcott unali weniweni, nthawi zina chakudya chinali buledi ndi maapozi. Louisa anasoka zovala za anthu kuti apeze ndalama, anaphunzitsa, analera ana, ndipo ali mtsikana anakagwira ntchito ya m'nyumba ku Dedham masabata 7, kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kufosholo chipale, n'kulandira madola 4 pa masabata onsewo. Lizzie, amene ndi Beth wa m'buku, anamwalira mu 1858 ali ndi zaka 22. Ku nkhondo sanapite bambo ngati m'bukumu, anapita ndi Louisa mwini, kukagwira unamwino pa chipatala cha asilikali ku Georgetown kumapeto kwa 1862. Patangotha masabata 6 anadwala tayifodi, anamupatsa mankhwala a calomel okhala ndi mercury, tsitsi linapita, ndipo bambo ake ndi amene anakamutenga. Mwaona mmene anaitembenuzira nkhaniyo, ulemu wa ku nkhondo anapatsa bambo, iye anadzisiyira tsitsi lokha.

Koma nkhani ya zovala yomwe imandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi ndi ya Fruitlands. Mu 1843, Louisa ali ndi zaka 10, bambo ake pamodzi ndi Mngelezi wina dzina lake Charles Lane anatenga banja lonse kupita pa famu ina ku Harvard, Massachusetts, kukayamba mudzi wa anthu oyera mtima. Nyama ayi, mkaka ayi, kulimitsa ng'ombe ayi. Pa zovala ndiye panali malamulo: thonje ayi chifukwa limalimidwa ndi akapolo kumwera kwa America, silika ayi chifukwa popanga amapha timbozi, ubweya ayi chifukwa ndi kubera nkhosa, chikopa ayi. Chotsala chinali nsalu ya linen ndi nsapato za kanivasi. Mu June zinali bwino. Kenako kunabwera chisanu cha ku Massachusetts, ana atavala linen. Azibambo anali kuyendayenda kukalalikira za moyo watsopanowu, ntchito yonse ili pa mayi Abigail, mpaka tsiku lina mvula ikubwera anakolola barele ndi ana okha. Mudziwo sunathe ndi chaka, pofika January 1844 unali utagwa. Louisa atakula analemba za zimenezi moseka mu 1873, koma kuseka kwake kwa munthu amene anazizidwapo.

Ndimati ndikaganiza za Bronson ndimafuna kumukalipira, bambo wanji woveka ana nsalu yopyapyala m'chisanu chifukwa cha mfundo. Koma pa thonje paja munthuyu ananena zoona, ndipo ananena nthawi yomwe aneba ake ambiri ankavala osafunsa. Mtunda wosakwana makilomita 30 kuchokera ku Concord, komwe banjali linadzakhazikika, kuli tawuni ya Lowell, komwe mafakitale ankaluka thonje lolimidwa ndi akapolo lomwelo, ndipo oluka ake ambiri anali atsikana ochokera m'mafamu, ogwira maola opitirira 12 pa tsiku. Atsikana amenewo, mwa njira, ankalembanso, anali ndi magazini yawo, Lowell Offering, kuyambira 1840 mpaka 1845. Ma Jo enieni analipo ambiri, ali pa makina.

Ndiye ndinatembenuza sikipa yanga ija kuyang'ana lebulo. Yafufutika ndi kuchapa koma Bangladesh akuwerengeka, thonje 100 peresenti. Sindikunena kuti inasokedwa pamalo oipa, sindinaliko. Ndikungokumbuka kuti pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Savar m'dziko lomwelo inagwa n'kupha anthu opitirira 1,100, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana osoka zovala zopita ku Ulaya ndi ku America, ndipo ming'alu inali itaoneka dzulo lake koma anauzidwa kuti alowe. Mtsikana wosoka masikipa kuti mng'ono wake apite kusukulu ali pafupi ndi Jo March kuposa aliyense wa ife amene tavala dzina la Jo pachifuwa. Mwana wa Bronson Alcott akanaliona funso limeneli msanga, anakulira m'nyumba yomwe nsalu iliyonse inkafunsidwa kuti wachokera kuti.

Tibwere ku mawu omwe amasindikiza. Otchuka kwambiri ndi aja akuti sindiopa namondwe chifukwa ndikuphunzira kuyendetsa bwato langa. Amawaika ndi chithunzi cha bwato, kapena cha mtsikana ali yekha paphiri tsitsi likuuluka, ndipo ambiri amaganiza kuti ananena ndi Jo, wolimba mtima uja wokana ukwati. Ayi ndithu. Ananena ndi Amy, kumapeto kwa buku, atangokwatiwa ndi Laurie, ndipo bwato lomwe akunenalo ndi banja lake, namondwe wake ndi mikangano ya m'nyumba. Mawu a mkazi watsopano wodzitama kuti mwamunayu ndimutha asanduka mbendera ya kuima pawekha. Ena aja akuti amakonda mabuku mopitirira mpaka amuzunguza mutu, omwe ali pa zikwama zambirimbiri, ndi a Alcott inde koma a m'buku lina, Work, la 1873. Ena akuti sindingakonde munthu wina aliyense mmene ndimakondera abale anga, anthu amawadziwira mu filimu ya 1994 ija ya Winona Ryder. Ndiye munthu wavala sikipa yoti aonetse kuti amawerenga, mawu ake ndi a mu filimu. Si mlandu, koma zimaonetsa kuti wopanga sanatsegule buku, anatsegula Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti.

Chonsecho mawu amphamvu alimo. Amy atapsa mtima kuti amusiya popita ku zisudzo, akutenga kabuku ka nthano komwe Jo analemba zaka zingapo, kope imodzi yokha, n'kukaponya pamoto. Jo akumugwedeza mpaka mano kugundana, akulumbira kuti sadzamukhululukira. Mawa lake ali pa mtsinje wouma ndi chisanu, Jo akumva chenjezo la Laurie loti pakati pali pofewa, akudziwa kuti Amy sanamve, ndipo akungokhala chete. Amy akugweramo, kupulumuka kwake ndi Laurie. Usiku umenewo Jo akulira kwa mayi ake kuti mkwiyo wanga udzandiphetsa munthu, ndipo Marmee, mayi ofatsa aja, akumuuza kuti iwonso amakwiya pafupifupi tsiku lililonse la moyo wawo, anangophunzira kusaonetsa. Imeneyo ndiye sikipa yomwe ndingagule yatsopano ya mu shopu, ndi kugulira amayi anga ina. Mu 1868 mlembi wa buku la ana kulemba kuti mayi wabwino amakhala wokwiya tsiku ndi tsiku, ndi kuti mtsikana wabwino atha kufunira mng'ono wake zoipa kwa mphindi imodzi yokwanira kumupha, sizinali zamasewera.

Tsopano ndikudziwa zomwe ena munena, ndipo zina mukunena zoona. Mnzanga wina nditamudandaulira anandifunsa kuti kodi iwe wasanduka wapolisi wa mabuku, uziimitsa anthu pamsewu kuwafunsa kuti tchulani machaputala asanu? Ndipo khalidwe limenelo ndimadana nalo, limagwera atsikana kawirikawiri, wavala jezi ya timu ya mpira ndiye anyamata amuzungulira kuti tchula goloboyi. Kuno kwathu ndiye funsolo n'lopanda pake kwenikweni, theka la dziko lavala masikipa a mipikisano yothamanga ya ku Ohio ndi misonkhano ya mabanja omwe sitidzawaona, agogo aamuna ali mu sikipa yolembedwa kuti ndine mkwatibwi, ndipo palibe amene wanama chifukwa palibe amene analonjeza kanthu, anagula nsalu yofunda. Timadziwanso bwino kuti chitenje cha chipani sichinena voti ya munthu, ena anangolandira pamsonkhano. Komanso chovala cholembedwa chimaitana anzako, monga nsalu ya chigwirizano cha amayi a kutchalitchi imakupezetsa mnzako m'basi ya ulendo wautali. Mtsikana wokonda mabuku amene kwawo amamuseka atha kupeza mnzake chifukwa cha mayina anayi pachifuwa. Zimenezo sindingazinyoze.

Chinanso n'chakuti Alcott mwini sakanakwiya ndi geni imeneyi, akanafunsa gawo lake. Bukuli sanalilembe chifukwa cha maloto, anachita kupemphedwa ndi Thomas Niles wa kampani ya Roberts Brothers ku Boston kuti alembe buku la atsikana, iye n'kulemba m'dayale yake kuti atsikana sawakonda ndipo sadziwa ambiri kupatula abale ake. Ankakonda kulemba nthano za chiwembu ndi kubwezera pa dzina lobisika la A. M. Barnard, zomwe zinkalipira msanga, monganso Jo amachitira ku New York. Koma pakhomo pankafunika ndalama, ndiye anakhala pa kadesiki komwe bambo ake anamukhomera ku Orchard House, nyumba yawo ya ku Concord, n'kulemba gawo loyamba m'masabata pafupifupi 10. Makope 2,000 oyamba anatha msanga, zithunzi zake anajambula ndi May, Amy weniweni. Chanzeru chomwe anachita n'chakuti sanagulitse umwini wa bukulo, anasankha kumalandira pa kope iliyonse, ndipo ndalama imeneyo ndi yomwe inabweza ngongole za banja lonse. Atsikana atayamba kumulembera makalata kufunsa kuti Jo akwatiwa ndi Laurie eti, iye anakana kuti sachita zimenezo pofuna kusangalatsa munthu, ndiye mu gawo lachiwiri la 1869 anamupatsa Professor Bhaer, Mjeremani wosauka wachikulire wa sokosi zobooka, zomwe Jo amamusokera mobisa. Iye mwini sanakwatiwe, mu 1879 anakhala mayi woyamba kulembetsa voti ku Concord pa chisankho cha komiti ya sukulu, ndipo May atamwalira ku Paris chaka chomwecho atangobereka, Louisa ndi amene analera mwanayo, Lulu. Anamwalira mu March 1888, patangopita masiku awiri bambo ake atamwalira. Munthu wotere sikipa sangaione ngati chipongwe, angaione ngati invoisi.

Ndiye vuto langa si kugulitsa, si kuvala usanawerenge. Vuto langa ndi chomwe chasankhidwa kuti chigulitsidwe, chifukwa sikipa imafika komwe buku silinafike ndipo imayamba ndiyo kuyankhula. Munthu akaona maluwa, timalemba topindikapindika ndi mawu a bwato, amaganiza kuti ndi kabuku kofewa ka atsikana abwino okondana, ndipo anyamata ambiri ndi atsikana omwe amadana ndi zotsekemera amalidutsa chifukwa cha chithunzi chimenecho. Pomwe mkatimo muli ndalama, njala ya zinthu zabwino, nsanje, ntchito ya manja, mwana wakufa m'manja mwa Beth. Opanga filimu ya 2019 ya Greta Gerwig anaimvetsa nkhaniyi kuposa opanga masikipa. Pa mphoto 6 za Oscar zomwe filimuyo inapikisana nawo inapata imodzi yokha, ya zovala, yomwe analandira Jacqueline Durran, ndipo ukayang'anitsitsa uona Jo ndi Laurie akusinthana mawesikoti, nsalu imodzi ikuoneka pa uyu kenako pa uyo ngati mmene zimakhalira m'nyumba yosokera pakhomo. Chovala choyenera bukuli ndi chobwerekana.

Mwina n'chifukwa chake yanga ya pa kaunjika ndikuiona kuti ili bwino kuposa mmene inalili yatsopano. Wina kutali uko anaigula, mwina atatuluka mu filimu maso ali ofiira, anaivala mpaka khosi kutamuka, anaiponya m'bokosi la zopereka, inapanikizidwa m'belo, inawoloka nyanja, inagwidwa ndi manja kaya angati isanafike kwa ine. Pansi pa dzina la Beth pali kadontho ka bulichi. Yafanana ndi zovala za Amy zochokera kwa Florence.

Ndinaivala kawiri kokha. Lachitatu ndinaichapa n'kuyanika, madzulo pa chingwe panali mapegi okha. Mng'ono wanga, amene anabwera kudzagona masiku awiri ndipo ino ndi sabata yachitatu, ananditumizira chithunzi ali mutawuni ataivala ndi jinzi yanganso, akufunsa kuti achemwali kodi Beth ndi ndani. Sindinamuyankhe za Beth, ndinangomutumizira buku lonse pa foni, poti pa Project Gutenberg, tsamba la mabuku akale la pa intaneti, ndi laulere. Dzulo usiku wanditumizira voisi ya maminitsi anayi, wafika poti Amy wawotcha kabuku kaja, ndipo iye ali mbali ya Amy, akuti Jo anayamba dala, munthu sungamusiye mwana pakhomo iwe n'kupita kokasangalala ndiye uziyembekeza kupeza katundu wako ali bwinobwino. Za sikipa sanatchuleko, ndipo jinzi ija akuti inali yomuthina kale.